Galimoto yofika nayo ku Chilwa mvula ikagwa

Kuchokera ku Zomba kudzera pa Jali mpaka pa boma la Phalombe, ndi kupitirira kukatulukira pa Chitakale ku Mulanje, masiku ano munthu amayenda pa tala. Vitz, Sienta kapena Probox imadutsa popanda chovuta, dzinja ndi chilimwe chomwe. Nkhani imasintha mukangopatuka kulowera kumpoto ndi kum'mawa, kumene madzi onse a chigwa cha Chilwa amathera: ku doko la Swang'oma, ku Nambazo, ku minda ya mpunga ya m'mbali mwa Sombani ndi thamanda la Mpoto. Kumeneko misewu ndi yadothi, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi dothilo ndi limene limalamula kuti lero muyenda kapena mugona panjira.

Amene ali ndi ntchito kapena kwawo kuderali, akapeza ndalama yogulira galimoto, funso lawo loyamba limakhala lakuti, kodi ndi 4x4? Wogulitsa akaloza zilembo za 4WD kapena AWD kumbuyo kwa galimoto, mtima umakhala pansi, ndalama n'kutuluka. Ine ndikuona kuti funsoli limabwera msanga kwambiri. Zilembozo zimathandiza, inde, koma pa dothi la ku Chilwa zimadza pambuyo pa matayala ndi kutalika kwa galimoto kuchoka pansi, ndipo pa madzi osefukira sizithandiza n'komwe.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala, Domasi ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, yonse imathira m'menemo, madzi n'kumangochoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake nyanjayi ndi yamcherechere, ndipo pokhala yosaya, malire ake sakhazikika: inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012 ndi 2018, kenako n'kudzaza mpaka kumiza minda ndi midzi pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023. Chigwa chonse chozungulira ndi chathyathyathya, ndipo malo ambiri dothi lake ndi makande. M'chilimwe makande amang'ambika ming'alu yolowa dzanja, n'kuuma gwa. Akamwa madzi amatupa, ming'alu ija n'kutsekeka, madzi osalowanso pansi. Mvula yoyamba imanyowetsa pamwamba pokha, pansi pali pouma, ndiye msewu umaterera ngati therere. Pofika Januwale chinyontho chalowa mkati, matope amakhala akuya ndi omata. Amadzaza mipata ya pa tayala mpaka tayala lonse kusanduka mbulunga yadothi, amaunjikananso pakati pa tayala ndi bodi mpaka gudumu kukanika kuzungulira. Mpunga wa ku Chilwa umabereka chifukwa cha makande omwewa ndi madzi omwewa, choncho mlimi sadandaula nawo. Walira mvula walira matope. Woyendetsa galimoto ndi amene ayenera kuwaphunzira.

Chinthu china chimene msewu wa dzinja umakhala nacho ndi ngalande ziwiri zosiyidwa ndi malole ndi mathirakitala, pakati pake patatsala mtumbira. Galimoto yaifupi ikalowetsa matayala m'ngalandezo, mimba yake imakhala pamtumbira, matayala n'kumangozungulira m'mwamba osagunda pansi. Zikatero, kaya injini ikukoka mawilo awiri kaya anayi, palibe kusiyana. Apa ndi pamene anthu ambiri ogula magalimoto a ku Japan amakhumudwira. Noah, Voxy, Sienta, Probox ndi Fielder zilipo za 4WD, koma msinkhu wake ndi wa galimoto ya m'tauni. Zinapangidwira misewu yosalala ya ku Hokkaido, kumpoto kwa Japan, imene imakutidwa ndi chipale chofewa, kumene vuto ndi kuterera, osati maenje. Land Cruiser, Hilux, Patrol, D-Max ngakhale ka Suzuki Jimny zimatalika masentimita opitirira 20 kuchoka pansi, ndipo zinthu zosalimba monga poto wa oyilo ndi thanki yamafuta zimabisika bwino. Pogula, gwadani muyang'ane kunsi. Pezani chimene chili pafupi kwambiri ndi dothi: pa pikiapu nthawi zambiri ndi difu, pa magalimoto ang'onoang'ono ndi ekizozi kapena poto wa oyilo uja. Dziwaninso kuti kukweza masipuring'i kumakweza bodi yokha, difu imatsala pomwepo. Chimene chimakweza difu ndi kutalika kwa tayala.

Tsono mawu akuti 4WD ndi AWD amabisa makina osiyanasiyana. Mtundu wakale, wa pa Land Cruiser 70 imene Toyota inayamba kupanga mu 1984 ndi pa mapikiapu ambiri, umayenda ndi mawilo akumbuyo okha mpaka dalaivala atalowetsa yekha akutsogolo. Pali kandodo kachiwiri ka giya kapena batani lolembedwa 2H, 4H ndi 4L. Mukaika pa 4H, kutsogolo ndi kumbuyo kumamangidwa pamodzi n'kumazungulira mofanana. Pa 4L liwiro limatsika kwambiri koma mphamvu yokoka imachuluka, moti galimoto imatha kukwawa pang'onopang'ono osapsereza kilatchi. Pa magalimoto ena akale muyenera kutsika n'kukapotoza tizitsekerero ta pakati pa mawilo akutsogolo kuchoka pa FREE kupita pa LOCK. Mukapanda kutero, kandodo kaja kamangozunguza shafuti koma mawilo osakoka. Mtundu umenewu sufuna tala wouma. Pokhota, mawilo akutsogolo amayenda mtunda wotalikirapo kuposa akumbuyo, ndipo ngati onse amangidwa pamodzi pamalo osaterera, zitsulo za mkati zimapindana mphamvu mpaka china kuthyoka. Choncho amene watuluka m'matope n'kukwera tala pa Migowi abwezere pa 2H nthawi yomweyo.

Mtundu wina ndi wa pa Subaru Forester, Prado ndi Land Cruiser zazikulu, umene umakoka mawilo onse nthawi zonse, uli ndi chogawira mphamvu pakati cholola kutsogolo ndi kumbuyo kusiyana liwiro pokhota. Pa tala wonyowa umenewu ndiye wabwino koposa. Pa Prado pali batani lotsekera chapakaticho mukafika pamatope, ndi 4L yomwe. Ndiye pali mtundu wachitatu, umene wachuluka pa magalimoto obwera kudzera pa Dar es Salaam, Beira ndi Durban: RAV4 zatsopanoko, X-Trail, CR-V ndi ena otero. Amenewa amayenda ndi mawilo akutsogolo, akumbuyo n'kulowa okha pamene makina azindikira kuti akutsogolo aterera. Pa msewu woterera pamwamba pokha amachita bwino ndithu, ndipo samwa mafuta ambiri. Koma cholumikizira chake chimatentha chikagwira ntchito yolemetsa kwa nthawi yaitali, ndipo chikatentha makina amachimasula kuti chizizire, galimoto n'kutsala ndi mawilo awiri pakati pa dambo. Giyabokosi ya CVT imene ambiri mwa iwo ali nayo nayonso sigwirizana ndi kupondereza mafuta galimoto itatitimira. Pali ena ofooka kuposa pamenepa: Nissan Note, March ndi Cube zolembedwa e-4WD zili ndi kamota kamagetsi kumbuyo kongothandiza ponyamuka pamalo oterera, liwiro likakwera pang'ono n'kusiya.

Ngakhale 4x4 yeniyeni ili ndi malire amene eni ake ambiri amawadziwira m'matope. Difu wamba imapereka mphamvu yofanana ku mawilo awiri a pa ekiselo imodzi, ndipo mphamvuyo siingapose imene gudumu loterera likutha kugwira nayo pansi. Gudumu limodzi likakhala pamatope osalala kapena m'mwamba, limazungulira lokha, linzake lili chilili. Motero galimoto ya mawilo anayi imatha kukanika kusuntha, gudumu limodzi kutsogolo ndi limodzi kumbuyo zikungomwaza matope. Mankhwala ake ndi chotsekera difu yakumbuyo, chimene Hilux, Ranger ndi D-Max zambiri za zaka zaposachedwa zili nacho, kapena makina omanga buleki pa gudumu loterera kuti mphamvu ipite ku linzake. Kwa munthu amene adzayenda ku nyanja dzinja lonse, batani limeneli ndi lofunika kuposa mipando yachikopa ndi wailesi ya sikirini.

Mawilo anayi amathandiza kunyamuka ndi kukwera, koma sathandiza kuima. Galimoto iliyonse, ngakhale Passo, ili ndi mabuleki pa mawilo onse anayi. Land Cruiser yolemera matani opitirira awiri ikayamba kutsetsereka cham'mbali pa msewu wokwezedwa pakati pa minda ya mpunga, palibe giya imene ingaigwire. Imakathera m'ngalande, ndipo kulemera kwake kumachititsa kuti kuichotsamo kukhale ntchito ya thirakitala. Choopsa n'chakuti 4x4 imanyamuka bwinobwino pamalo amene galimoto wamba ikanavutika, ndiye dalaivala sazindikira kuti pansi pakuterera mpaka ataponda buleki. Pa tala wonyowa wa pakati pa Jali ndi Phalombe, pamene pamakhala njinga zakabaza, ana asukulu ndi mbuzi, chimene chimaimitsa galimoto ndi rabala yokhayo imene ikugunda pansi.

N'chifukwa chake ndimaika matayala patsogolo. Ndipo apa pali msampha umene amalonda ambiri satchula. Magalimoto a 4WD ochokera kumpoto kwa Japan kawirikawiri amafika atavala matayala a nyengo yozizira. Mudzawazindikira ndi mawu akuti STUDLESS m'mbali mwake, mayina monga Blizzak, iceGUARD kapena Winter Maxx, ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota todulidwa pa dzino lililonse la tayala. Dziko la Japan linakhazikitsa lamulo mu 1990 loletsa matayala okhala ndi misomali chifukwa ankakanda misewu n'kudzaza fumbi m'mizinda ngati Sendai ndi Sapporo, ndipo makampani anapanga rabala yofewa kwambiri yotha kugwira pa madzi oundana popanda misomali. Rabalayo imagwira ntchito yake kukazizira pansi pa madigiri 7. Ku Phalombe mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo tala amatentha kuposa apo. Pamenepo tayala lotere limafewa mopitirira, limatha msanga, limagwedera pokhota, ndipo pa tala wonyowa limatenga mtunda wautali kuti liime poyerekeza ndi tayala wamba. M'makande timizere tija timadzaza pa kuzungulira koyamba. Wogula amaona mano akuyaakuya n'kuganiza kuti wapeza matayala a kumudzi, chonsecho ndi a kumalo kumene kumagwa chipale. Matayala omwewa amapezekanso ambiri pa kaunjika, chifukwa ku Japan ndi ku Ulaya amawataya mano asanathe.

Chisanu chathu sichifuna tayala lapadera. Mu Juni ndi Julayi pamwamba pa phiri la Mulanje madzi amatha kuundana usiku, koma ku Sapitwa sikupita galimoto. Chimene chimavuta nyengo imeneyo ndi chiperoni: nkhungu ndi mvula yowaza imene imanyowetsa katondo wa m'mphepete mwa phiri, monga pa njira ya Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi. Tayala loyenda bwino m'dzinja limayendanso bwino m'chiperoni.

Matayala a magalimoto aatali amagawika patatu, ndipo zilembo zake zimalembedwa m'mbali: H/T a pa tala, A/T a ponseponse, M/T a m'matope. A H/T ali ndi mipata yopapatiza. Ndi abata, osamwetsa mafuta, koma m'makande amatsekeka nthawi yomweyo. A M/T ali ndi mano akuluakulu otalikirana, mpaka m'mapewa, ndipo gudumu likazungulira matope amathothoka okha, mano n'kulumanso pansi. Pa dothi lomata palibe lina lofanana nalo. Mtengo wake mumaulipira pa tala: limalira, limamwetsa mafuta, limatha mosalingana, ndipo chifukwa rabala yogunda pansi ndi yochepa, pa tala wonyowa siligwira ngati enawo, makamaka pa pikiapu yopanda katundu kumbuyo. A A/T ali pakati, ndipo nawonso amasiyana: ena ndi H/T yongokongoletsedwa, ena ali ndi mapewa otseguka ndi m'mbali molimba. Kuweruza kwanga n'kotere. Amene amakhala ku Blantyre kapena ku Zomba n'kumabwera kumudzi mwa apo ndi apo, mtunda wake wambiri ndi wa tala, ndipo ngozi imene ingamuphe ili pa talapo; atenge A/T ya mapewa otseguka. Ambulansi, galimoto ya alangizi a zaulimi, kapena ya wamalonda amene amatsikira ku doko sabata iliyonse, imeneyo ivale M/T, dalaivala n'kudziwa kuti akakwera tala mvula ikugwa achepetse liwiro. Zilembo za M+S zokha musazidalire. Zimalembedwa pa matayala ambiri amene sanayesedwe m'matope ngati athu.

Za kukula kwa tayala anthu amatsutsana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Pamene matope ali pamwamba koma pansi pali polimba, monga misewu yambiri yothiridwa gelevulo kalekale, tayala lalitali lopyapyala ngati 7.50R16 la pa Land Cruiser ndi Land Rover zakale limang'amba matope n'kukaponda polimbapo. Pamene pansi palibe polimba, monga m'mphepete mwa nyanja, chofunika ndi kusamira, ndipo apo tayala lotambalala ndi galimoto yopepuka ndi zimene zimapambana. Jimny, yolemera pang'ono kupitirira tani imodzi, imadutsa pamene pikiapu yodzaza matumba a mpunga ikanatitimira mpaka difu, ndipo ikatitimira anthu ochepa amaikankha n'kutuluka. Koma pansi pa nyanja pamene madzi aphwa pasakunyengeni. Pamwamba pamauma n'kung'ambika, anthu n'kumayendapo pansi ndi panjinga, pamene kunsi kwake kuli phala lakuya. Galimoto ikaboola chikhokhocho, palibe tayala limene lingaitulutse. Chimene sindikayika n'chakuti marimu akuluakulu a mainchesi 18 kapena 19 okhala ndi matayala opyapyala m'mbali ndi a m'tauni. Pa nambala ngati 265/70R16, 265 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 70 ndi kutalika kwa m'mbali mwake poyerekeza ndi kutambalalako, 16 ndi kukula kwa rimu. Nambala yapakatiyo ikhale yaikulu, 65 kapena kuposa, kuti tayala lithe kumeza mabampu ndi miyala popanda kupinda rimu. Onyamula katundu afune matayala olembedwa LT, amene ali ndi nsalu zolimba mkati.

Ndalama zikachepa, anthu amagula tayala limodzilimodzi, lililonse la mtundu wake. Pa galimoto ya mawilo awiri zimenezi zimangochepetsa chitetezo; pa AWD zimaononganso makina. Tayala latsopano ndi lakutha, ngakhale nambala zikhale zofanana, sizizungulira mofanana, ndipo chogawira mphamvu chapakati chimaona ngati gudumu lina likuterera nthawi zonse, n'kumagwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Amene akugula AWD awerengere mtengo wa matayala anayi ofanana pamwamba pa mtengo wa galimoto, ndi lachisanu la sipeya lofanana nawo. Magalimoto ambiri a ku Japan amabwera ndi kasipeya kopyapyala kololedwa makilomita 80 pa ola, ena amabwera ndi kabotolo ka guluu basi. Zonsezi ku Nambazo n'zopanda ntchito.

Pa kaunjika yang'anani zaka. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likapitirira zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Rabala yokalamba imauma, imachita timing'alu, ndipo pa dzuwa lathu imaphulika. M'mipata ya tayala muli timabampu tosonyeza pamene mano atsala mamilimita 1.6, malire a lamulo ku Japan ndi ku Ulaya. Koma amenewo ndi malire a pa tala. M'matope tayala limasiya kuluma likadali kutali ndi pamenepo, mano akangotha theka. Samalaninso ndi matayala osemedwanso ndi mpeni wamoto kuti aoneke ngati ali ndi mano. Matayala ena a malole anapangidwa kuti azisemedwa choncho, koma a magalimoto ang'onoang'ono ayi, ndipo mpeniwo umafika pa mawaya.

Pali chithandizo china chaulere chimene madalaivala ambiri sagwiritsa ntchito: kuphwetsa mpweya. Mukachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mpweya, tayala limagona motalika pansi, limamira pang'ono, ndipo popindika limathothola matope m'mipata. Musapitirire, chifukwa tayala lofewa kwambiri limavuka pa rimu pokhota. Ndipo musanakwere tala popani, popeza tayala lophwa likathamanga limatentha n'kuphulika. Choncho pampu, ngakhale yopondera ndi phazi, ikhale m'galimoto pamodzi ndi khasu, fosholo, thabwa lochindikala loikapo jeke, ndi chingwe cholimba. Chingwecho chimangidwe pa ngowe yolumikizidwa ku chasisi, osati pa kampira kokokera ngolo, chifukwa kameneko kakathyoka kamauluka ndi mphamvu yopha munthu.

Kayendetsedwe kake sikovuta kufotokoza. Lowetsani 4WD musanafike pamatope, osati mutatitimira kale. Imani, tsikani, yendani pansi muone kumene anzanu adutsa, ndipo funsani anthu a pamudzipo, amene amadziwa pamene pali dzenje ndi pamene kalavati inakokoloka. Sankhani giya yachiwiri ya 4L kapena yoyamba ya 4H, lowani ndi liwiro lofatsa losasintha, osasintha giya pakati. Mawilo akayamba kuzungulira pamalo amodzi, chotsani phazi pa mafuta, chifukwa kupondereza kumangokumba dzenje. Yesani kubwerera m'mbuyo m'mapazi anu omwe. Pamene pakuterera pamwamba pokha, khalani pakati pa msewu, pamsana pake, ndipo gwirani chiwongolero ndi buleki mofatsa.

Madzi ndi nkhani ina, ndipo anthu a ku Phalombe sasowa wowauza. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi mitengo, n'kupha anthu mazanamazana. Anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu, moti madera ngati Nkhulambe anakhala osafikika pa galimoto ya mtundu uliwonse. Mitsinje yochokera m'phiri imadzaza m'kanthawi kochepa, ngakhale kuchigwa kusanagwe dontho, ndipo imaphweranso msanga. Nthambi yoona zanyengo ku America imachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 30 amatha kukokolola galimoto yaing'ono, ndipo masentimita 60 amanyamula ngakhale pikiapu. Toyota imati Hilux zatsopano zimawoloka madzi akuya masentimita 70, koma akunena madzi odekha, pansi polimba, pa liwiro la munthu woyenda. Madzi ofiira othamanga pa mlatho wapansi sakuonetsani ngati simenti ikadalipo kunsi. Injini ikamwa madzi kudzera kolowera mpweya imafa pomwepo, chifukwa madzi sapanikizika ndipo zitsulo za mapisitoni zimapindika. Ikazimira m'madzi musayese kuilizanso. Paipi yokwezera mpweya pamwamba imateteza injini, koma siletsa galimoto kuyandama, ndipo sitchinga mawaya ndi makompyuta a pansi pa mipando. Magalimoto a haibulidi, amene batire yake yaikulu imakhala pansipansi, asayandikire n'komwe madzi akuya. Pa mtsinje wodzaza chochita ndi kudikira, ndipo musananyamuke mverani zimene a Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo alengeza pa wailesi.

Mukabwerako ku nyanja ntchito sinathe. Makande akauma pa rediyeta injini imatentha. Akauma mkati mwa rimu chiwongolero chimanjenjemera. Akalowa m'mabuleki akumbuyo amadya malaining'i. Madzi a Chilwa, pokhala amchere, amafulumizitsa dzimbiri pa chasisi, ndipo magalimoto a kumpoto kwa Japan ena amafika atayamba kale kudyeka ndi mchere wothiridwa m'misewu ya chipale. Tsukani kunsi, osati pamwamba pokha. Ngati munawoloka madzi ofika pa ekiselo, makaniko atsegule difu aone oyilo. Akaoneka woyererako ndiye kuti mwalowa madzi, asinthidwe.

Zonsezi zimathera pa thumba. Msonkho wa MRA umakwera ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo matayala, zipangizo ndi mafuta zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. 4x4 yaikulu imamwa kwambiri, ndipo mafuta akasowa mizere ya pa mapampu sisankha. Funsani kaye ngati makaniko wa pa Migowi kapena pa Chiringa angaitsegule, ndi ngati zipangizo zake zimapezeka ku Limbe tsiku lomwelo. Toyota inatchuka m'maboma muno pa chifukwa chimenechi. Galimoto yapamwamba ya ku Ulaya yokwezedwa ndi mpweya, ya masensa ambirimbiri, imadutsa m'matope bwino kwambiri ikakhala yamoyo, koma sensa imodzi ikafa ku Swang'oma muyenera kuinyamula pa lole.

Ndinenenso mosabisa kuti si aliyense wa ku Chilwa amene akufunika 4x4. Miyezi yovutadi ndi itatu kapena inayi, ndipo mkati mwa miyeziyo muli masiku a dzuwa pamene msewu umauma pofika masana. Mphunzitsi kapena wamalonda wa matemba, makumba ndi milamba amene ndalama zake n'zowerengeka angachite bwino ndi galimoto ya mawilo awiri yotalikirapo, ya matayala abwino, n'kumasankha tsiku ndi ola loyendera. Pamene pavuta, kuisiya pa tala n'kukwera njinga yamoto. Galimoto yokoka ndi mawilo akutsogolo, pokhala injini imawapondereza, imayenda pamalo oterera kuposa pikiapu ya mawilo awiri akumbuyo yopanda katundu. Amene alibe mwayi wosankha tsiku, monga onyamula mayi wapakati usiku kupita naye ku chipatala cha Holy Family kapena cha boma, ndi amene ayenera kukhala ndi 4L, chotsekera difu ndi M/T, ndipo boma ndi mabungwe pogula magalimoto otere aziika ndalama ya matayala m'bajeti ya chaka chilichonse, chifukwa ambulansi ya Land Cruiser ya matayala osalala imatitimira ngati minibasi.

Ndipo amene ali ndi galimoto yamphamvu akumbuke kuti msewuwo si wake yekha. Pikiapu yolemera ikalimbana ndi makande mvula itangokata, imasiya ngalande zimene zikauma zimavutitsa wa njinga wonyamula dengu la nsomba mpaka giredala idzabwere. Kupatuka kudzera m'munda wa munthu pothawa chithaphwi ndi kupondereza chakudya cha banja. Kudikira maola awiri kuti paume kumapulumutsa msewu, mafuta ndi ubale. Anyamata akakukankhani, alipireni mogwirizana musanayambe, ndipo asaime kumbuyo kwa gudumu lozungulira kapena pafupi ndi chingwe chokokedwa.

Chotsala ndi kutsimikiza kuti 4WD imene mukulipirayo ilipodi. Pa magalimoto ogulidwa kwa munthu muno m'dziko, si zachilendo kupeza kuti shafuti yopita kumbuyo kapena kutsogolo inachotsedwa, mwina pofuna kupulumutsa mafuta, mwina pobisa cholumikizira chakufa. Nyali ya pa dashibodi imayaka ndithu, koma mawilo awiri sakoka. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, alowe kunsi aone mashafuti onse awiri, mabuti a rabala a pa maekiselo ngati sanang'ambike, oyilo ngati sakudontha pa difu, ndi dzimbiri pa chasisi. Kenako pitani nayo pa dothi lotayirira kapena pa udzu wonyowa, mulowetse 4H ndi 4L, wina ataima pambali kuyang'ana ngati mawilo akutsogolo ndi akumbuyo akukumba onse ponyamuka. Wogulitsa akakana kuti muiyese choncho, kayang'aneni ina.